Fumbi Loyera pa Msewu wa Mesaimeer

Basi ya kampani inanyamuka Sudi akadali m'kachipinda ka magalasi, maso ali pa kireni yachiwiri. Anaimva ikuliza hutala kuseri kwa mpanda, kenako phokoso la injini linayamba kuchepa mpaka kunatsala kung'ung'uza kwa makina okha. Anadziwa kuti yamusiya. Sanadzuke pampando.

Sudi anali wa ku Namwera, ndipo ankagwira ntchito pa fakitale ina ya mapepala ku Sanaya, dera la mafakitale lomwe lili kunja kwa mzinda wa Doha. Ntchito yake inali yoyang'anira nyumba yosungiramo mipukutu ya mapepala. Kunena zoona, nyumbayo inkadziyang'anira yokha. Inali yaitali zedi, yopanda mawindo, ndipo mkati mwake mipukutu, uliwonse wolemera kuposa galimoto yaing'ono, inaimikidwa wina pamutu pa unzake, ndandanda, ngati nkhalango ya mitengo yoyera yodulidwa nthambi. Munthu sankaloledwa kulowamo. Magetsinso sankayatsidwa, poti makina safuna kuona. Kudenga kunali njanji, ndipo panjanjipo pankayenda makireni awiri. Iliyonse inali ndi chimbale chachikulu cholendewera pa zingwe zachitsulo. Chimbalecho chinkatsika n'kukhala pamutu pa mpukutu, n'kuyamwa mpweya mpaka kumamatira, kenako n'kuukweza m'mwamba mosamala, monga mayi amanyamulira mwana wogona. Kompyuta inkaudziwa mpukutu uliwonse: tsiku lomwe unatuluka m'makina, pamene unaikidwa, ndi lole yomwe idzautenge. Sudi ankangokhala kuseri kwa galasi n'kumaonerera. Kanthu kakaima, iye ankazimitsa zonse, n'kutseka ndi loko, n'kuitana amakaniko.

Nyengo yozizira itangoyamba, kireni yachiwiri inayamba kakhalidwe kena. Ntchito ikachepa inkanyamuka yokha, osatumidwa, n'kupita kukona yakumadzulo, kumene kunalibe mpukutu ndi umodzi womwe. Inkatsitsa chimbale chake mpaka pafupi ndi simenti, n'kuyamwa. Ikatero inkakwera pang'onopang'ono, zingwe zitakungika ngati yanyamula cholemera, chonsecho ilibe kanthu. Mainjiniya anabwera ndi malaputopu awo, anayang'anayang'ana, n'kunena kuti ndi kavuto ka pulogalamu, adzakakonza. Sudi sankadandaula nazo. Ankakonda kuionerera. Timagetsi take tofiira tinkayandama mumdimamo ngati ziphaniphani za kudambo, ndipo poziyang'ana mtima wake unkakhala m'malo.

Usiku umenewo anali ndi chifukwa chinanso chosathamangira kuchipinda. Kontilakiti yake inali pafupi kutha, ndipo supavaiza anali atamufunsa ngati arinyuwa kapena akupita kwawo. Yankho linkafunika sabata isanathe. Mufoni munali uthenga wa mawu wochokera kwa mkazi wake Raihana. Raihana sanakalipe ayi. Anangomuuza kuti Yasmin, mwana wawo yemwe anabadwa Sudi atakwera kale ndege, tsopano akuthamanga, ndipo akaona foni ya munthu aliyense, ngakhale ya mayi wogulitsa tomato, amailoza n'kunena kuti "ababa". Ananena zimenezo akuseka. Kenako anakhala chete kanthawi asanadule, ndipo kukhala cheteko n'kumene Sudi ankabwerezabwereza kumvera. Mumtima anali atasankha kale. Kontilakiti imodzi yokha, nyumba ikwere malata, kenako abwerere. Ankangosowa mawu omuuzira Raihana.

Wa shifiti yotsatira atamugwedeza phewa, m'pamene anavala jekete n'kutuluka.

Panja anapeza dziko lasowa. Chifunga chinali chitabwera kuchokera kunyanja, monga chimachitira miyezi yozizira, n'kukwirira zonse. Magetsi a pageti ankaoneka ngati mazira achikasu olendewera m'malere. Dalaivala wina wa ku Nepal, yemwe ankatuluka ndi lole ya makatoni a tishu, anamumvera chisoni n'kumukweza. Anayenda ngati nkhono, mphuno ya dalaivala ili pafupi ndi galasi, wailesi ikuimba chapansipansi m'chilankhulo chimene Sudi sankachimva. Nthawi zina magetsi a lole ina ankatulukira kutsogolo n'kuzimirira, ngati nsomba yodutsa m'madzi akuya. Atafika chakufupi ndi Abu Hamour, dalaivalayo anaima n'kuloza kutsogolo ndi chibwano. Iye ankakhotera kwina.

"Yala, sadiki," anatero m'Chiarabu, kutanthauza kuti tiye, mnzanga.

Sudi anathokoza n'kutsika.

Kuchokera pamenepo kukafika ku Mansoura, kumene ankagona, unali ulendo ndithu. Sitima ya Metro inali itaweruka kale. Anayesa kuitana takisi pafoni, koma panalibe dalaivala wofuna kuyenda m'chifunga chotero, ndipo posakhalitsa foniyo inazima. Anaipisa m'thumba. Anati angoyamba kuyenda, mwina kutsogolo apeza basi.

Chodabwitsa, kuyendako kunamukoma. Mzinda womwe masana umalira ngati chigayo unali zii. Msewu unkaoneka pang'ono chabe kutsogolo, ndipo kumbuyo unkatsekeka akangodutsa. Mpweya unali wonyowa, wamchere pang'ono, ndipo unkasiya timadontho pansidze zake. Anadutsa mipanda ya nyumba za anthu olemera, mitengo ya kanjedza yopanda mitu, mphaka wogona padenga la galimoto. Anakumbukira m'mawa wa ku Namwera nthawi yachisanu, nkhungu itakhala pamapiri, anthu opita kudimba akumveka mawu okha. Anayesa kukonza zoti akamuuze Raihana, koma mawu aliwonse ankathera pakati. Anayenda ngati munthu wolota amene akudziwa kuti akulota, koma safuna kudzutsidwa.

Kenako kudzanja lamanja kunatulukira khoma lalitali. Analizindikira, poti ankaliona pawindo la basi masiku onse. Unali mpanda wa manda aakulu a ku Mesaimeer. Anapereka salamu chamumtima kwa ogona mkatimo, monga anaphunzitsidwira ku madrasa, n'kuwonjezera liwiro pang'ono.

Choyamba kumupeza chinali fungo. Linali louma, lotsekemera pang'ono, fungo la pepala latsopano likangotuluka m'makina. Ananunkhiza jekete yake. Silinkachokera kwa iye. Kenako anamva munthu akung'ung'uza chapansipansi kanyimbo ka sikiri, kamene amuna a kwawo amaimba akasenza jeneza, chonyamulira maliro. Mtima unamudumpha, osati ndi mantha koma ndi chimwemwe. Ndani angaimbe zimenezo kuno?

Kutsogolo kwake kunali munthu. Ankalowera komweko, mofatsa, atawerama ngati wasenza thumba la chimanga, ngakhale kumsana kwake kunalibe kanthu. Anavala ovolosi yabuluu yofwifwa. Pamapewa, m'tsitsi ndi m'khosi monse munali fumbi loyera, lofewa ngati ufa wosefa.

"Asalamu alaikumu," anatero Sudi atamupeza.

"Wa alaikumu salamu. Wachedwa, mwana wa kwathu."

Anali bambo wachikulire, wa ndevu zochepa ndi maso ofatsa. Chichewa chake chinali chija cha kumapiri, chokoka ngati Chiyao. Sudi anaseka modabwa.

"Mwadziwa bwanji kuti ndine Mmalawi, bambo?"

"Mayendedwe. Ife kuno timayenda ngati tikuopa kuponda nyemba za eni."

Anayendera limodzi. Sudi anaona kachizindikiro pachifuwa pa ovolosiyo. Linali dzina la kampani yake yomwe, koma lolembedwa mwa mtundu wina, umene anangouonapo pa zithunzi zakale za mu ofesi.

"Kani tili kampani imodzi? Sindinakuonenipo. Muli shifiti iti?"

"Yanga sinathe."

Sudi anayesa ndi nthabwala za ovataimu, ndipo anaseka. Bamboyo sanaseke.

"Ine ndine wa foloko," anapitiriza. "Galimoto ija ya manja awiri, yokumbatira mipukutu. Umaukumbatira chonchi. Ukafinya kwambiri uphwanya mtima wake, ukalekerera ukupulumuka. Ndiye umaukweza, umaukweza, mpaka khosi kuwawa ndi kuyang'ana kumwamba. Ukaukhazika pa unzake umagwira mpweya. Pepala ndi chinthu chopepuka, mwana wa kwathu, khanda limaling'amba. Koma likapindana lokhalokha limalemera kuposa mwala."

"Koma mafoloko anawachotsa kalekale mkati muja, bambo. Pano ndi makireni okhaokha. Munthu salowamo."

"Eya, anawachotsa." Anapitiriza kuyenda. "Ine sanandiuze."

Khoma linkangopitirira. Sudi ankadziwa kuti ndi lalitali, koma osati chonchi. Chifunga chinachindikala. Ankamva nsapato zake zikugunda panjerwa za m'mbali mwa msewu, go, go, go. Anatchera khutu. Zinali zake zokha. Anadziuza kuti mkuluyo wavala nsapato zofewa.

"Kwathu mvula yayamba?"

"Yayamba, bambo. Akuti chimanga chafika m'mawondo."

"M'mawondo." Anawabwereza mawuwo ngati akuwalawa. "Nanga mango a ku Namwera, aja ang'onoang'ono a ulusi, akadalipo?"

Sudi sanakumbukire kuti anatchulapo za Namwera.

"Akadalipo."

"Ndinasiya mwana wamwamuna akukwawa. Ndinati ndikangokhoma malata ndibwerera. Malata atakwera ndinati khonde. Khonde litatha ndinati kagolosale. Chaka chimodzi chokha, ndinkatero, inshallah chaka chimodzi chokha. Iwe uli ndi mwana?"

"Wamkazi. Yasmin."

"Amakudziwa?"

Sudi anafuna kunena kuti inde. Mawu amene anatuluka anali ena.

"Amadziwa foni."

Bamboyo anagwedeza mutu. Pogwedezapo fumbi linayoyoka pamapewa ake, ndipo Sudi analitsatira ndi maso. Linatsika pang'onopang'ono, likuzungulirazungulira... koma pansi silinafike. Linangothera m'malere. Ndipo pamapewa panali poyera monga kale. Sudi anakumbukira kuti mosungira mipukutu mwa masiku ano mulibe fumbi lotero. Makina amaliyamwa lonse.

"Ukugona kuti?"

"Ku Mansoura. M'chipinda cha Che Cassim, aja oyendetsa basi ya sukulu."

"Cassim." Kwa nthawi yoyamba anamwetulira. "Akadali kuno Cassim? Akuthirabe shuga wambiri mu tiyi?"

"Kwambiri, bambo."

"Sadzasintha." Anatembenuza mutu pang'ono, osaweramuka. "Uja wa kuseri kwa galasi ndiwe, eti? Ndimakuona. Umakhala dzanja lili patsaya."

Miyendo ya Sudi inaima yokha.

"Mumandiona... muli pati?"

"Pakona. Kumadzulo." Ananena ngati akulozera mlendo nyumba yake. "Kireni ija njachifundo, mwana wa kwathu. Palibe anaituma. Imabwera kudzandichotsera katundu pamsana. Imayamwa, imakoka, imayesetsa ndithu. Ikakweza ndimapumako. Ndiye ndimadzuka n'kubwera kuno kudzagona."

Kumbuyo kunamveka galimoto. Inkabwera pang'onopang'ono, magetsi onse ali ngwee. Kuwala kunawapeza. Chithunzithunzi cha Sudi chinagwera pakhoma, chachitali, chopindika. Chinali chokha. Anatembenuka. Kuwalako kunkamudutsa bamboyo monga kumadutsira pepala la tishu ukaliloza kudzuwa. Kupyola pachifuwa pake Sudi anaona mtengo wa magetsi. Anaona njerwa. Anaona chikwangwani cha msewu...

Galimoto inadutsa. Mdima woyera unabwerera.

Anafuna kukuwa. Anafuna kuthawa. Anayesa kuwerenga duwa, pemphero la Chisilamu, koma mawu amene ankawadziwa kuyambira ali mwana anabalalika ngati anapiye ataona kabawi. Koma mantha aja sanakhalitse. Anasungunuka, ndipo m'malo mwake munalowa tulo, tulo totsekemera, tolemera, tonga ta munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri osapuma.

"Tiye undiperekeze," anatero bamboyo. "Patsala pafupi."

Ndipo Sudi anamutsatira.

Msewu sunalinso msewu. Unali pepala loyera, lalikulu, likufunyululidwa pansi pa mapazi ake kuchokera ku mpukutu wina wosaoneka, lofewa, losatha. Mbali zonse chifunga chinaima ngati nsanamira, mipukutu pamutu pa mipukutu mpaka kumwamba, ndipo kumwambako timagetsi tofiira tinkayenda mwakachetechete. Nsapato zake nazo zinasiya kumveka. Thupi linapepuka. Zonse zomwe zinkamuvuta, supavaiza, kontilakiti, malata, zinatsalira kutali ngati mawu a anthu a tsidya lina la mtsinje. Anafika pageti la manda aja. Linali lotsegula pang'ono. Sudi anasuzumira.

Mkatimo munali kwawo.

Anaona mapiri a Namwera atabiriwira ndi mvula. Anamva fungo la dothi lonyowa ndi la utsi wa nkhuni zaziwisi. Anaona nyumba yake itakwera kale malata, akunyezimira. Pakhonde Raihana ankayanika mpango wake wachikasu, ndipo pabwalo kamtsikana kovala diresi lalikulu kuposa msinkhu wake kankathamanga, manja ali m'mwamba. Kankabwera kwa iye. Kankaloza iye, nkhope yake yeniyeni. Panangotsala phazi limodzi. Anakweza mwendo...

Dzanja linamugwira pachifuwa. Linali lozizira, lopepuka ngati tsamba louma, koma sanathe kulikankha.

"Ayi."

"Ndi kwathu uku, bambo. Ndisiyeni."

"Kukungooneka ngati kwanu. Inenso ndimakuona masiku onse. Ndikalowa ndimapeza mchenga."

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake munalibe choopsa, munali kutopa kokha.

"Ndinafuna wocheza naye, sindikana. Olankhula chathu kuno ndi ochepa, ndipo usiku ndi wautali. Koma iwe miyendo uli nayo, ndege zikuuluka. Kwanu ukalowere pakhomo lenileni."

Anamusiya n'kulowa yekha, chammbali, osakhudza geti, atawerama monga kale.

"Umuuze Cassim kuti Faruku wapereka moni."

Chifunga chinamumeza kuyambira kumapazi. Kanyimbo ka sikiri kanatsala kanthawi, kenako nako kanatha. Sudi anaphethira. Mapiri panalibe. Geti linali lotseka, ndipo chipumi chake chinali chitatsamira pazitsulo zozizira. Kupyola zitsulozo, mizere ya timilu ta mchenga ndi timiyala inkalowa m'chifunga, yopanda polekezera.

Pamenepo mantha anabwerera onse pakamodzi. Anathamanga. Anapunthwa, anagwa. Anadzuka. Anathamanganso, osacheuka, mpweya ukumuwotcha pakhosi. Misewu yomwe anadutsa sanaidziwe. Mphamvu zitamuthera anayamba kuyenda, akutsimphina. Anadzazindikira azana ya Subuhi, yoitanira mapemphero a m'bandakucha, ikuyamba pa mzikiti wina, wina n'kulandira, winanso, mpaka mzinda wonse unadzaza mawu. Chifunga chinayamba kupyapyala. Nyumba zosanja za ku Mansoura zinatulukira imodzi imodzi, zovala zitayanikidwa m'makonde, ndipo pakona Amwenye a pakantini anali atayamba kale kutsanulira tiyi wa karaki m'timakapu.

Anakwera masitepe atagwirira khoma. M'chipinda chawo cha mabedi osanjikizana anzake ena anali atapita kale ku ntchito, wina ali mtulo atafunda kumutu. Che Cassim, mkulu wa chipindacho, amene anakhala ku Doha nthawi yaitali kuposa Mmalawi aliyense yemwe Sudi ankamudziwa, anali atangobwera kumzikiti. Anakhala pabedi pawo akutakasa tiyi.

"Basi inakusiya? Taona buluku lako. Wagwa pati?"

Sudi anakhala pansi, msana atatsamira bedi lake.

"Ndakumana ndi mnzanu. Akuti ndikupatseni moni."

"Mnzanga uti woyenda m'chifunga chotere?"

"Akuti Faruku. Wa foloko."

Supuni inaima m'kapu.

"Tanenanso."

Sudi anafotokoza zonse, za ovolosi yofwifwa, za fumbi pamapewa, za msana wowerama, za sikiri, za geti. Atamaliza, Che Cassim anaika kapu pansi, n'kunong'ona mawu amene Asilamu amanena akamva za imfa. Anapukuta nkhope ndi manja onse awiri.

"Anafunsa za ine?"

"Anafunsa ngati mukuthirabe shuga wambiri."

Mkuluyo anaseka kamodzi, kuseka kopanda mawu, maso atalengeza misozi.

"Faruku anamwalira kalekale, Sudi. Iwe usanabwere, makireni ako aja asanabwere. Nthawi imeneyo mipukutu ankaisanja ndi mafoloko. Usiku wina anatsika kuti achotse kathabwa komwe kanali panjira, ndiye mulu wa pakona unapendekeka n'kumugwera kumsana. Pofika pochotsa mipukutu yonse kunja kunali kutacha. Ndinamusambitsa ndine, ndi manja awa. Panalibe njira yomutumizira kwawo msanga, ndiye tinamuika ku Mesaimeer komweko, chakufupi ndi geti. Ifeyo, anzake ochepa, ndi shehe wina wa ku Sudan."

Panja mabasi a ogwira ntchito anali atayamba kulira. Wogona uja anatembenuka pabedi n'kupitiriza tulo.

"Chaka chimenecho anali atanena kuti khalasi, basi, watopa, akupita. Anali atalongedza kale." Che Cassim analoza ndi supuni. "Tawerama, uone pansi pa bedi lakolo."

Sudi anawerama. Kuseri kwa nsapato zake kunali sutikesi yakale, yomangidwa ndi chingwe cha nayiloni. Anaipeza pomwepo tsiku lomwe analowa m'chipindamo, ndipo masiku onsewa ankayesa ndi ya Che Cassim.

"Uthenga tinatumiza, ndipo kwawo analira maliro. Koma iyo inatsala. Aliyense wopita kumudzi amakhala ndi makilo ake a katundu wa m'ndege, sungamukakamize. Ine ndangosamuka nayo, chipinda ndi chipinda. Muli zitenje za mkazi wake, ndi tinsapato tofiira ta mwana wokwawa, timene anagula atangofika kuno. Mwanayo pano akumeta ndevu."

Sudi anaikokera poyera sutikesiyo, n'kuinyamula ndi dzanja limodzi, kuiyesa kulemera.

"Mudzi wake ndi uti, Che Cassim?"